Malire a Batani Lachitatu

"Yaikuluyi ipita kwanga, yaing'onoyi atenge mlongo wangayu, nkhani yatha," anatero bambo aakulu, akusisita pamwamba pa kompyuta ngati mbuzi yapamsika.

Panali patangotha masiku anayi chiikireni mng'ono wawo m'manda, ndipo chipinda chimene malemuyo ankakonzeramo nyimbo chinali chikununkhabe fodya wake. Amayi, mkazi wa malemu, anakhala pampando wawo wa masiku onse pafupi ndi zenera, kabokosi ka mabatani opotokola kali pamiyendo. Kale anali woimba, koma zaka zitatu zapitazo madokotala anawachotsa chotupa pakhosi, mawu n'kupitira limodzi.

Mwana wawo yekhayo, mphunzitsi wa masamu amene anakulira m'chipinda chomwechi, anaima pakati pa makinawo ndi abale a bambo ake.

"Bambo aakulu, ziwirizi sizisiyana. Mu yaikuluyi muli pulogalamu imene bambo anasungamo mawu a amayi, aja anawajambula asanadwale, oduladula tizidutswa. Mu yaing'onoyi muli pulogalamu ina. Amayi akapotokola batani pa kabokosika, iyoyo ndiyo imauza inzake kuti kweza, tsitsa, koka, ndiye amayi amaimba ndi zala. Mukazula nthambo yapakatiyi mwawatseka pakamwa kachiwiri."

"Iwe, usatiphunzitse sukulu pamaliro," anatero azakhali, mlongo wa malemu, akukulunga mawaya pachigongono. "Mlamu wangayu akafuna kulankhula, mapepala atha m'dziko muno? Ndipo tisanamizane, nyumba ino inayamba kukoma atakhala chete."

Bambo aakulu anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anangoyang'ana zala zawo.

Mwanayo anapsa mtima, koma anadziwa kuti kulimbana ndi awiriwa n'kutaya malovu. Mawu a amayi anali atawakopera kale pa kafulashi dzulo lake. Koma mawu okhaokha anali ngati nsalu yodulidwa yosasoka. Chimene chinkawaimbitsa chinali m'mene bambo ake analumikizira mapulogalamu awiriwo, batani lililonse ndi ntchito yake ndi manambala ake, ndipo munthu uja sankalemba kanthu papepala kapena kuonetsa aliyense.

"Ndipatseni ola limodzi ndikopere manambalawa. Mwina tsiku lina ndidzapeza makina ena."

"Tikamaliza kunyamula mipando ndi mashelefu, tikubwera kuno," anatero bambo aakulu. "Ola lako ndi lomwelo."

Awiriwo anatuluka, mwanayo n'kukhala pampando wa bambo ake, cholembera m'manja.

Kumanda kuja aliyense amene anaimirira anatamanda malemu pa chinthu chimodzi: mwamuna amene anabwezera mkazi wake mawu. Ena analira nazo. Amayi nawonso ankakhulupirira zimenezo. Masana aliwonse ankakhala pazenera n'kumaimba ndi kabokosi kawo, timawu tating'ono tosafika n'kukhitchini komwe. Tsiku lina anam'lembera mwamuna wawo papepala kufunsa chifukwa chake sakumveka ngakhale apotokole mpaka kumapeto. Iye anati, "Mawu ako ndi omwewo. Unalibe mawu aakulu iwe, ndinkakukuza ndine." Ndipo iwo anavomera, mpaka kumachita manyazi ndi zaka zawo zonse za kuimba.

Mwanayo anapeza tsamba la malumikizidwe mu kompyuta yaing'ono. Batani lililonse linali ndi poyambira ndi pothera. Loyamba, lokweza ndi kutsitsa nyimbo, linayambira pa 0 kufika pa 127, pamene pali pothera penipeni. Lachiwiri, lokoka mawu, chimodzimodzi. Anakopera zonsezo. Lachitatu linali la kukula kwa mawu, ndipo linayambira pa 0 n'kuthera pa 30.

Anaganiza kuti mwina bambo ake analakwitsa polemba. Kenako anaona timawu pambali pa nambalayo, m'kadanga kolembamo zokumbutsa: "Asapitirire apa."

Anafuna kutseka tsambalo msanga, koma amayi anali ataima kale kumbuyo kwake, magalasi ali pamphuno. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda popanda liwu. Kenako anagwira dzanja la mwana wawo n'kuliika pa mabatani olembera, chala chawo chikuloza pa 30 paja.

"Amayi, mukutsimikiza?"

Anam'finya dzanja. Mwanayo anafufuta 30 n'kulemba 127.

Amayi anabwerera pampando wawo, anaika kabokosi pamiyendo, napotokola batani lachitatu pang'onopang'ono. Mawu anatuluka m'masipika, ang'ono monga mwa masiku onse. Anapotokolabe. Mawu aja anakula, anadzaza chipinda, anatulukira pakhomo mpaka galasi la zenera linanjenjemera. Anali mawu a mzimayi wa chifuwa chachikulu, okuya, osapempha chilolezo kwa munthu. Mwanayo anali atawaiwala, ndipo analira. Amayi sanalire. Anatseka maso, zala zawo zikuthamanga pa mabatani.

Panja china chake chinagwa n'kusweka. Azakhali analowa akuthamanga.

"Mwayamba misala? Mwamuna wanu sanazizire n'komwe, inu mukuimba ngati paukwati!"

Bambo aakulu sanataye nthawi ndi mawu. Anawerama kuseri kwa tebulo n'kuzula nthambo yapakati ija, nyimbo n'kuduka pakati pa liwu. Ananyamula kompyuta yaikulu, azakhali yaing'ono pakhwapa, kenako anabwerera masipika. Kabokosi anakasiya, ati palibe angagule chinthu chosalira.

Mwanayo anapinda pepala lake la manambala, lomwe linathera pa mzere wachitatu, n'kukhala pansi pafupi ndi miyendo ya amayi ake. Patebulo panatsala fumbi lokhalokha. Amayi anali akadagwira batani lija, lili kumapeto kwenikweni.

Pakhonde panamveka mapazi a bambo aakulu akubwerera kudzatenga chipewa chawo. Ankayenda ngati mng'ono wawo, mokoka chidendene. Amayi anadzidzimuka, ndipo dzanja lawo linathamanga lokha kutsitsa batani lija mpaka pansi, ngakhale kabokosiko sikanali kolumikizidwa ku chilichonse.