Mafuta Aulemu

Zaka khumi ndi ziwiri ali pabanja, Cholpon anali asanatchulepo mawu akuti dizilo. Sikuti lilime linkamulemera ayi, pakamwa pa mayi ameneyu pankatha kusenda munthu ali chiimire. Vuto linali dzina la apongozi ake aamuna. Mkuluyo anabadwa chaka chimene injini yoyamba ya dizilo inafika pafamu ya boma kumudzi kwawo, ndipo bambo ake, chimwemwe chitawapitirira, anamutcha khandalo Dizelbek. Anzake ankangoti Dizel. Tsono mtengwa satchula dzina la apongozi, ngakhale dzinalo litabisala m'kati mwa mawu ena. N'chifukwa chake kwa Cholpon mathiraki onse a mumsewu wa kwawo ku Tokmok ankayendera "mafuta aulemu".

Galimoto yoyamba ya banjali inafa imfa ya galimoto ya pachibale. Anaigula ndi Cholpon ndi mwamuna wake Ermek, koma woidziwa bwino anali Talant, mng'ono wake wa Ermek, amene Cholpon anamupatsa dzina la kukhitchini lakuti a Ndibwerekeni. Ukwati ku Naryn, a Ndibwerekeni. Maliro a agogo a mnzake wa kusukulu ku Osh, a Ndibwerekeni. Inanyamula nkhosa, simenti, oimba, ngakhale mwana wa hatchi. Cholpon, amene amasoka majekete mufakitale ina ku Bishkek, ankadzuka m'mawa n'kupeza pabwalo pali dontho la oilo lokha, n'kuthamangira minibasi ana awiri ali m'manja. Ngakhale tsiku limene a Dizelbek ankakachotsedwa ng'ala m'diso, galimoto inali kuphwando, ndipo mkuluyo anabwerera kwawo atakhala pathumba la anyezi m'minibasi, diso lili chimangire. Nkhani imeneyo sinkakambidwa pakhomopo. Galimotoyo inathera mumtsinje wina kumapiri, matayala akuyang'ana kumwamba, Talant atatuluka wopanda n'kabala komwe.

Ndiye Lamulungu lina, chisanu chitayamba kuluma makutu, Cholpon, Ermek, Talant ndi a Dizelbek anatsika pamsika wa magalimoto ku Bishkek. Cholpon anali atasoka zaka zitatu kuti tsikuli lifike, ndipo anabwera ndi mtima umodzi: galimoto imene adzagule izigona pakhomo.

A Dizelbek ankatsogola, chipewa chawo choyera chachitali chili njo. Sanayang'ane kumanzere kapena kumanja mpaka anafika pachigalimoto chakuda, chachitali ngati khola la ngamila, matayala ofika m'chiuno.

"Iyi ndiye galimoto," anatero mkuluyo akuisisita pamphuno ngati hatchi. "Zinazi ndi mabeseni."

"Mipando isanu ndi iwiri, Atate!" Talant anali atalowa kale, akugwedeza chiwongolero. "Nkhosa zinayi kumbuyoku, osapanikizana. Thanki imodzi, Naryn kupita ndi kubwera."

"Bwanji tionenso za petulo?" anatero Ermek motsitsa mawu. Ermek anali munthu wabwino, wa mtundu uja woti akapondedwa phazi amapepesa ndiye. "Zikamavuta amakonza aliyense, ndiponso m'chisanu..."

Palibe anamumva. Wogulitsa, bambo wonenepa wa mano awiri agolide, anali atagwira kale dzanja la a Dizelbek, ndipo anayamba kugwedezana. Uyu akatchula mtengo, gwede! Uyo akatsitsa, gwede! Phewa kufuna kuguluka. Cholpon anadziwa kuti akangomasulana ndi mawu akuti "Mulungu adalitse," zatha, pakuti wobweza mawu pamsika umenewu amasekedwa mpaka kumudzi kwawo.

"Atate," anatero Cholpon, "ndilankhuleko dzanjalo lisanamasuke. Imeneyi ine ayi."

Kugwedezana kunaima, koma manja sanasiyane. Talant anatulutsa mutu pawindo, akumwetulira ngati mphaka waona mkaka.

"Alamu akana! Chabwino, alamu, ife ndi anthu omva. Ingotiuzani bwinobwino, mukukana galimoto yoyendera chiyani? Tchulani, tonse timve."

"Mafuta aulemu."

"Ati chiyani?" anafunsa wogulitsa uja. "Aulemu? Mayi, ine ndagulitsa magalimoto zaka makumi awiri, mafuta amenewo sindinawamve."

"Mwaona, Atate?" Talant anaseka mpaka kugunda hutala. "Munthu angakane bwanji chinthu chimene sangathe n'kuchitchula komwe?"

Cholpon anakonza mpango wake kumutu. Mawu anatuluka ozizira bwino.

"Zoona, alamu, ine sinditchula. Anandilera bwino. Koma achimwene ogulitsawa angatithandize. Achimwene, m'Januwale kukazizira zenizeni, galimoto ngati iyi ikakana kulira m'mawa, anthu amati chachitika n'chiyani?"

"Aa, zazing'ono zimenezo," anatero wogulitsa, amene sankadziwa dzina la munthu amene anamugwira dzanja. "Amangoti dizilo wauma. Amalimba ngati phala la dzulo. Mumangokoleza kamoto pansi pake, amasungunuka."

"Pansi pa ndani?"

"Pansi pa dizilo, mayi."

"Oo. Nanga akakalamba?"

"Dizilo akakalamba amatsokomola m'mawa, amanunkha, pena amadontheza pansi. Koma safa msanga ameneyo, ngouma mutu! Akakutopetsani mumangomugulitsa kwa odula zitsulo."

Ermek anayang'ana nsapato zake. Talant anabweza mutu m'galimoto pang'onopang'ono. Ndevu za a Dizelbek zinanjenjemera.

"Mwamva, Atate," anatero Cholpon mwaulemu wonse. "Mumsewu mwathu muja muli akazi a lilime lalitali, inu mukuwadziwa. Chisanu chilichonse azidzasuzumira pampanda n'kumati, 'Kodi kwa Ermek, ujeni wadzuka lero? Kapena mwamukolezera moto?' Nanga ine popita kothira mafuta ndizidzati chiyani kwa anyamata a papampu? Ndizidzakuwa dzina lanu sabata iliyonse pamaso pa madalaivala a mathiraki? Ine zaka khumi ndi ziwiri ndalisunga dzina limeneli ngati dzira. Sindilola kuti likathere pa pampu."

A Dizelbek anasolola dzanja lawo osadalitsa kanthu, n'kulipukuta pachikhoti.

"Malonda ako ngabwino," anauza wogulitsayo, "koma pakamwa pako m'ponyansa."

Anachokapo, bambo wa mano agolide atayasama, osadziwa chimene walakwa.

Koma mkuluyo sanali mwana. Atayenda pang'ono anaima, n'kumuyang'ana mpongozi wake ndi diso lija anachotsamo ng'ala, limene tsopano linkaona kuposa la mphamba.

"Wandigwira bwino, mwana wanga. Koma m'banja mwathu mulibe munthu wotchedwa Petulo. Ermek, tipite ku zako zija."

Ermek anapuma ngati wamasulidwa chingwe. Talant naye anatsitsimuka, poti ya petulo nayo ili ndi buti yonyamuliramo nkhosa.

"Tidzere uku kaye," anatero Cholpon, ndipo sanadikire yankho. Analunjika kumzere wa kumapeto, kumene kunaima magalimoto a magetsi ochokera ku China, aukhondo ngati mafiriji. Anali ataiona kale imene ankaifuna, yotuwa, yaitali bwino, yoyendapo zaka zingapo. Mwini wake anali mnyamata wa jekete lachikopa dzina lake Anvar.

"Firiji ya matayala!" anakuwa Talant. "Alamu, madzi akachepa kudamu magetsi n'kumazimazima, tizidzaikankha? Ndiponso chinthu chosalira chimenechi chidzatipondera nkhuku zonse. Iwe mnyamata, kodi chimenechi chingafike ku Naryn?"

Anvar anaona kuti malonda akuthawa, ndipo anachita zimene wogulitsa aliyense amachita.

"Ku Naryn? Akulu, kupita ndi kubwera, n'kutsalako moto wina wokagulira buledi! Phiri imakwera ngati mbuzi. Nkhosa zitatu kumbuyoku."

"Zoona?" Maso a Talant anawala. Anayamba kuizungulira galimotoyo, akugogoda matayala ndi nsapato. "Komatu si yoipa ayi. Ndiponso osagula mafuta..."

Bodza la mnyamatayu linali litatsala pang'ono kumuphera Cholpon zaka zitatu za singano. Anamuyandikira Anvar mpaka mnyamatayo anabwerera m'mbuyo n'kutsamira chitseko.

"Mng'ono wanga, undiyang'ane. Batire iyi yagwira ntchito zaka zingati?"

"Zinayi, mayi. Koma ikadali..."

"M'Januwale, chotenthetsera m'kati chili choyatsa, anthu asanu, nkhosa kumbuyo, kukwera phiri la Dolon popita ku Naryn. Ifika?"

"Mukayendetsa mofatsa..."

"Uyu sayendetsa mofatsa. Ifika?"

Anvar ankaganiza kuti mayiyu akunyoza katundu kuti mtengo utsike.

"Mwina mungafunike kuima panjira, mayi. Kutchaja pang'ono."

"Kuima nthawi yaitali bwanji?"

"Mukapeza potchajira pali bwino, ola limodzi. Mukapanda kupeza, mupemphe soketi kwa anthu, mugone konko."

"Nanga kumsasa wa abusa a nkhosa kumapiri kuli soketi?"

"Kulibe, mayi." Mnyamatayo anagwetsa nkhope. "Kunena zoona, imeneyi ndi ya m'tauni ndi midzi yapafupi. Tokmok, Bishkek, kubwerera, mukaitchaja kunyumba. Kupitirira apo ndikunamizani."

"Ndiye ndaikonda," anatero Cholpon.

Anvar anayang'ana Ermek kuti amuthandize kumvetsa, koma Ermek nayenso ankafuna womuthandiza.

"Taima kaye, mwana wanga," anatero a Dizelbek. "Ija unaikana chifukwa cha dzina langa, ndavomera, ngakhale ndikudziwa kuti unandiphika. Iyi ukuikonda chifukwa ndi yolumala. Nanga ya petulo yalakwa chiyani? Undiuze zoona, usandizungulitse ngati nkhosa ya pamsika."

Apa Cholpon akanatha kunena za mtengo wa petulo, kapena za utsi umene umaphimba Bishkek m'chisanu mpaka ana kumatsokomola. Zonsezo anali atazikonza m'mutu. Koma anatopa nazo zokonza.

"Ya petulo imafika ku Naryn, Atate."

Ngakhale wogulitsa tiyi amene ankadutsa ndi ketulo anachepetsa liwiro.

"Imafika ku Naryn, imafika ku Osh, imafika paukwati uliwonse m'dziko muno, koma pakhomo panga m'mawa siipezeka. Ine ndasoka majekete mpaka zala izi sizimvanso singano. Sindinasokere oimba, sindinasokere mwana wa hatchi. Ndikufuna galimoto yoti ndikatsegula chitseko m'mawa ndiziipeza, ana akwere, ine ndikafike kuntchito ndisanatukwanidwe. Ikhale yolumala, ikhale firiji, bola izigona kwathu. Mukafuna ina yokwera mapiri, alamu ali ndi manja awiri, makina osokera kufakitale alipo ambiri."

"Mwamva, Atate?" Talant anafuula. "Mwamva mwano? Achimwene, mkazi wanu akunditukwana inu muli chete?"

Ermek anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mng'ono wake.

"Sanatukwane," anatero pomaliza. "Wangonena za makina."

Kwa Ermek kumeneko kunali kumenya nkhondo.

A Dizelbek anakweza dzanja n'kukhudza chikope cha diso lija, mwina poganiza, mwina pokumbukira fungo la anyezi. Kenaka anayenda kuzungulira galimoto yotuwayo, natsegula chitseko chakutsogolo, nakhala, nayesa ngati chipewa chawo chikukwana osagunda denga. Chinakwana.

"Anthu amaiwala," anatero ali m'katimo. "Injini ija inandipatsa dzina sinabwere kudzakoka ngolo ayi. Inabwera kudzayatsa magetsi pafamu. Ine ndi magetsi ndife pachibale kuyambira kale." Anatsokomola. "Mpando uno ndi wanga Lachisanu lililonse popita kumzikiti. Ndipo nkhuku ikafa, mlandu ngwako."

"Ndamva, Atate."

Anvar anatambasula dzanja kwa mkuluyo, koma mkuluyo analoza ndi chibwano kwa mpongozi wake. Mnyamatayo anazengereza, poti anali asanagwedezanepo ndi mzimayi pamalonda. Cholpon analigwira dzanjalo yekha. Zala zosoka majekete a chisanu si zala zamasewera, ndipo pofika pa "Mulungu adalitse," Anvar anali atatsitsa mtengo kawiri n'kumapempha phewa lake.

Pobwerera ku Tokmok anayendetsa ndi Cholpon. Galimoto inkangoti see, ngati ikuyenda pa mafuta a nkhosa, ndipo a Dizelbek anadandaula kuti munthu sungadziwe ngati uli paulendo kapena wafa. Talant anakhala kumbuyo, mawondo ali m'chibwano, mpaka anadutsa tauni ya Kant. Kenaka anasendera kutsogolo, mawu atawapaka uchi.

"Alamu anga okoma. Zakale zinapita. Loweruka likubwerali mnzanga akukwatira ku Kochkor. Si kutali ngati ku Naryn, ndi pompa. Tsiku limodzi lokha."

Patsogolo pa chiwongolero panali kagalasi kowala, ndipo nambala yosonyeza mtunda wotsala inali yaikulu ndithu, yokwana Kochkor popanda vuto. A Dizelbek anawerama, natsinzina diso lakale, nayang'anitsitsa nambalayo ndi diso lawo labwino lija kwa nthawi yaitali.

"Siifika," anatero mkuluyo, n'kutsamira pampando wawo.