Dazi la Abambo Pemphani

Amayi Elube a ku Biwi anabzala kamtengo konunkhira ka rozimere pafupi ndi mpopi. Kanali kanthambi kamene mng'ono wawo anathyola kunyumba ya mabwana ake ku Area 43, ndipo iwo ankangofuna zokometsera nkhuku. Koma katangokula, pa WhatsApp panayamba kuyenda uthenga woti tsamba limeneli limameretsa tsitsi, limathetsa kuiwala, ndipo ukalipachika pakhomo afiti amangodutsa.

Anthu anayamba kubwera. Amayi Salama, osoka zovala pakhonde la golosale, anapempha kanthambi ka mwana wawo wolemba mayeso a Folomu 4. Dumisani wa kabaza anafuna koika m'thumba kuti makasitomala aziona iye yekha pa siteji.

Amuna a Amayi Elube, Abambo Pemphani, anali mkulu wa mpingo, wadazi lowala kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Kubwera kwa anthuwa kunawanyansa.

"Pakhomo panga pasanduka pa sing'anga," anadandaula. Lamlungu anaima kutsogolo n'kunena kuti ena asiya pemphero, ayamba kukhulupirira zokometsera ndiwo. Tchalitchi chonse chinacheukira akazi awo.

Amayi Elube anasiya kugawa, koma kamtengoko kanapitirirabe kutha. Mafuta ophikira nawonso ankatsika msanga. Tsiku lina m'mawa anawapeza abambowo kubafa, akutikita m'mutu masamba okazinga m'mafuta.

"Ndikufuna ndidziwe bwino chimene ndikutsutsa, amayi," anatero osawayang'ana.

Amayiwo anangotenga beseni lawo n'kutuluka.

Tsitsi silinamere. Chimene chinamera ndi tiziphuphu toyabwa, dazi lonse mbuu. M'tchalitchi chipewa savala, choncho anavomera kupita kuchipatala. Dokotala, mtsikana wamng'ono ndithu, anawerama kuti aone, kenako ananunkhiza.

"Mwadzola chiyani, abambo?"

"Mafuta odzozera. Opemphereredwa."

"Akununkhira ngati nkhuku yowotcha," anatero dokotalayo. Anawapatsa mankhwala opaka n'kuwauza kuti za kukhitchini zizikhala kukhitchini.

Pobwerera anayenda ndi akazi awo mpaka pa Biwi Triangle. Abambo Pemphani anakanda m'mutu, n'kutsitsa mawu.

"Kodi uthenga uja unati kukazinga kapena kuwiritsa?"

"Kuwiritsa."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

"Ndimaopa kusokoneza kafukufuku wa mpingo," anayankha Amayi Elube, n'kupatukira pa benchi kukagula tomato.