Tibawuti ta Mpeni wa Gulugufe

Augustine analakwira bambo ake, a Chisenga, mu February chaka cha 2020, pa khonde la nyumba ya ku Area 25 ku Lilongwe, galimoto yowatengera ku bwalo la ndege ikulira kunja kwa geti. Anatambasula dzanja n'kunena kuti mpeni wa okapi umene unali m'thumba la bambo akewo sangalowe nawo m'ndege, amupatse auike m'sutikesi yake yaikulu. A Chisenga anaupereka. Mpeniwo anabwera nawo ndi malemu bambo awo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo chigwiriro chake chinali chitada ndi thukuta la anthu awiri.

Atafika ku Perth sutikesi inatsegulidwa. Munatuluka zitenje, nsapato ndi majekete, koma mpeni munalibe. Augustine anati mwina wabedwa m'njira. Mawa lake anati mwina anauiwala pa tebulo. Pambuyo pake mlongo wake Ndaona anaulula pa foni kuti anamuona ndi maso ake akuupereka kwa dalaivala wa galimoto ija, ngati chinthu chotola pa msewu.

A Chisenga anabwera kudzacheza miyezi itatu. Matenda a korona anatseka malire, ulendo wobwerera unafa. M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, tsiku lina akusamba, dzanja lamanja linagwetsa sopo, kenako linakana kumvera. Ku chipatala anati ndi sitiroko yaing'ono. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa panawongoka, koma zala zinatsala zopinimbira ngati phazi la nkhuku yowamba.

Augustine ankagwira ntchito ku migodi ya kumpoto, kupita pa ndege, kutha masabata, kubwera kudzagona masiku ochepa. M'nyumba ya ku Armadale, ku Perth komweko, munkatsala a Chisenga ndi mpongozi wawo Emelda, mkazi wa ku Chipata, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Midland. Ndiye ankawamanga mabatani a malaya m'mawa uliwonse asanathamangire sitima.

Kwawo ku Mponela mpongozi safika pafupi chotero. Mukakumana pa njira, wina amapatukira ku tchire. Kuno mpongozi ankaima pamaso pawo, mpweya wake ukuwafika pa ndevu, zala zake zikuyenda pa chifuwa chawo. A Chisenga ankayang'ana kudenga mpaka athe. Pa tebulo ankadya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosalangizidwa. Zinthu ziwiri zimenezi zinkawadya kuposa matenda enieniwo, ndipo ankadziwa kuti ngati dzanja silibwerera, adzapita nazo ku manda.

A ku chipatala anawapatsa kampira kofiira koti azifinya. Iwo anati si galu ndipo si khanda. Kampirako kanagubudukira pansi pa sofa, sanakafunenso.

Tsiku lina wa positi anasiya kaphukusi pakhomo. Emelda anakapukuta ndi mankhwala monga ankachitira ndi chilichonse cholowa m'nyumba, n'kukaika patsogolo pawo. M'kati munali chinthu chachitsulo, chabuluu, chonyezimira. Chinali ndi zigwiriro ziwiri zotseguka ngati mapiko, ndipo zikatsekeka zinkabisa mpeni pakati. Emelda anati amautcha mpeni wa gulugufe, anauona kwa Mutale, mnzake wa ku ntchito, akuuzunguza pa zala nthawi yopuma.

A Chisenga anatsegula mapikowo ndi dzanja lamanzere. Pamene panayenera kukhala pakuthwa panali mano.

"Apongozi, uwu ndi mpeni kapena chipeso?"

"Wakuthwa salola kuno, adadi. Angatimange tonse. Uwu ni wophunzirira chabe."

"Ndiye mwagulira chipeso munthu wa dazi."

"Ndevu zilipo," anatero Emelda, akunyamula chikwama.

Atatuluka, a Chisenga anachitembenuza chinthucho ku dzuwa. Moyo wawo wonse anakonza njinga pansi pa mtengo pa msika wa Mponela, ndipo chitsulo ankachimva ndi khutu. Anachigwedeza, chinalira ngati madigadi yomasuka. Anachikanda ndi chikhadabo, penti inachoka. Chitsulo chake chinali chopepuka ngati cha poto, kakolowekero kake kokhota, zigwiriro zosakumana bwino. Atafunsa mtengo madzulo, anamva kuti sukusiyana ndi wa chipisi ndi nkhuku. Sanadabwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mumtima ankaganiza kuti nzeru imeneyi ndi ya Augustine, kufuna kutseka pakamwa pa munthu ndi chidole.

Pa tsiku lachiwiri kabawuti kamodzi mwa tibawuti togwira zigwiriro kanagwera pa tebulo, phiko limodzi n'kulendewera. M'kabokosi munali kasipanala kokhota, kochepa ngati msomali. A Chisenga akanatha kuchisiya chomwecho. Koma chinthu chomasuka sankatha kukhala nacho m'nyumba imodzi. Anayesa ndi dzanja lamanzere lokha, zinakanika, pakuti dzanja lina liyenera kugwira pamene lina likupotokola. Anakoka lamanja lija n'kuliika pa tebulo ngati mlendo wokakamizidwa kudya. Kabawuti kanathawira pansi, anakatola. Kanathawanso, anakatolanso. Dzuwa likufika pamutu, malaya atanyowa ndi thukuta, kanalowa. Anatukwana amene anapanga chinthucho, ndi fakitale yake yomwe.

Popeza anali atachikonza, anafuna kuona ngati chikugwira ntchito. Anagwira phiko limodzi n'kuponya linalo. Linawamenya pa mfundo za zala, chinthucho n'kugwera pa kapeti. Anamva kuwawa, ndipo kuwawako kunawadabwitsa, chifukwa zalazo zinali zitatha nthawi zisakumva kanthu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankapeza tibawuti titamasuka. Ankakhala pa windo loyang'ana ku njanji, kumanga, kutukwana, kenako kuzunguza mapiko mpaka timasukenso. Sitima zinkadutsa zopanda anthu ambiri, ochepawo atavala masiki. Chilimwe chinafika ndi kutentha kwake kouma, chinapita.

Kenako anakumbukira nzeru ya pa msika. Anasolola ulusi pa mpendero wa malaya akale, n'kuukulunga pa kabawuti kalikonse asanamange. Bawuti yomangidwa chotero pa njinga inkafika ku Dowa n'kubwerako. Tsiku lonse anazunguza, palibe chinagwedera. Anagona ngati munthu wopambana mlandu.

Kutacha, tonse tinali titamasuka.

A Chisenga sanali munthu wokhulupirira zinthu zochitika zokha. Bawuti imamasuka pamene chinthu chikuyenda, osati chitagona pa windo. M'mawa wotsatira anadzuka atangomva ketulo, n'kusuzumira pa mpata wa chitseko.

Emelda anali pa tebulo atavala yunifomu, masiki ili pa chibwano, tiyi akuzizira pambali. M'dzanja munali kasipanala kaja. Ankapotokolera kumanzere, pang'onopang'ono, kabawuti aka, kenako ako, lilime lili pakati pa mano. Atatha anagwedeza chinthucho pa khutu, anamva kulira, n'kukachibwezera pa windo mmene anachipezera.

Anabwerera pa bedi. Ndiye kuti m'nyumba muno aliyense ankawanamiza. Mwana anawanamiza ndi sutikesi, mpongozi ndi kasipanala. Miyezi yonseyi ankatukwana fakitale yosalakwa, munthu akuwaseka kuseri ngati mwana amene wamubisira chidole. Anakonza mawu oti akanene, owawa bwino. Sakanapita kukakalipa ali chifuwa pamtunda, choncho anakoka malaya pa mpando n'kuvala, mawu aja akuwanolabe m'mutu.

Atagwira chitseko ndi pamene anayang'ana pa chifuwa. Malaya anali omanga. Mabatani anali atasemphana mabowo, mbali ina yakwera ina yatsika, koma anali omanga kuyambira pa mimba mpaka pa khosi.

Emelda anagogoda monga mwa masiku onse, manja ali okonzeka. Anaona malayawo, manja aja anatsika okha.

"Mwasemphanitsa, adadi."

"Ndaona. Ndikonza ndekha."

Anamudutsa n'kupita pa windo. Anatenga mpeni wa gulugufe uja, anaugwedeza m'mwamba kuti ulire. Mawu owawa aja anali akadali pa lilime. Anayang'ana mpongozi wawo, maso ofiira ndi tulo tosakwana, mphuno itachita chipsera cha masiki, mwana wa eni ake amene ankadzuka mofulumira kuti awonongere nkhalamba chidole chake.

"Taonani apongozi, zamasukanso. Amene anapanga chinthu ichi ndi mbava."

"Zotchipa ni mmene zilili, adadi," anatero Emelda, akufunafuna kanthu m'chikwama mmene munalibe chosowa. "Manje tichitaye?"

"Ayi. Chisiyeni pomwepa."

Ulusi uja sanaukulungenso. Tibawuti tinapitiriza kumasuka m'mawa uliwonse, iwo anapitiriza kutukwana fakitale mokweza kuti ku khitchini kumveke.

Augustine atabwera ku migodi anawapeza akutsegula ndi kutseka mapiko ndi dzanja limodzi, chitsulo chikulira khwekhwerere. Anaseka, nati chinthu chimenecho ndi chinyalala, awagulira chenicheni chodula, cha chitsulo cholimba, chimene tibawuti take sitimasuka mpaka kalekale. Emelda anatsokomola ku sinki. A Chisenga anati zikomo, koma cholimbacho akagulire ena, iwo chawo ndi chomwechi.

Madzulo amenewo anadya ndi dzanja lamanja. Pakati pa chakudya anafunsa mwana wawo, mosakweza mawu, kumene okapi wa agogo ake anapita. Augustine anati ndi zakale zimenezo, sakumbukira bwino, ndipo foni yake inamuitanira panja.

Malire anatseguka mu March 2022. Tsiku lolongedza, Emelda anakulunga mpeni wa gulugufe mu sokosi, penti yake itatha yonse, chitsulo chitayera pamene zala zinkagwira. Anauika m'sutikesi a Chisenga akuona, anaikanso kasipanala, n'kuwauza kuti atseke okha zipi. Iwo anapempha kaye kuti autulutse. Anaima pa galasi la m'khonde n'kupesa nawo ndevu zawo zoyera, mbali iyi ndi iyo, osafulumira. Kenako anaubweza mu sokosi.

"Koma apongozi, ku Mponela tibawuti timeneti tizikamasuka tokha?"

Emelda anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Sizinadziwike ngati akuseka.

"Zikomo, mayi," anatero a Chisenga. Emelda atachotsa manja kunkhope, aka kanali koyamba kumuyang'ana m'maso. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Manja awo sanachenjere okha.

Augustine ananyamula sutikesi kupita nayo ku galimoto. A Chisenga anamutsatira pafupi, maso ali pa zipi, mpaka buti inatsekedwa. Za okapi uja Augustine sananenepo kanthu, pa msewu ngakhale pa bwalo la ndege, ndipo mpaka lero sananene.