Kamyau ya Maliro ya ku Degue

Bento anali atagwira kale makiyi m'manja pamene Leopoldina ankatuluka m'nyumba, mutu wake wometedwa kumene ukunyezimira thukuta. Anali atangobwerako ku Angónia kokaika mwamuna wake Eduardo, ndipo achibale anamutsatira ku Degue kudzagawa katundu monga mwa mwambo. Malaya anapita, njinga inapita, wailesi inapita. Tsopano maso onse anali pa kamyau, galimoto yakale ija yoima pansi pa mtengo wa masawu.

Kamyauyo sinali ya Eduardo, Tete yense ankadziwa. Anaigula ndi anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano, ogulitsa mbatatesi ndi onyamula matumba, atatopa kuona anzawo akukwiriridwa kuchilendo ngati opanda kwawo. Maliro nkulirana. Eduardo ndiye ankatsogolera gululo, koma munthuyu, Mulungu amukhululukire, mapepala ankadana nawo ngati mankhwala owawa. Ukamuuza zokalembetsa gulu kuboma ankangoseka, amvekere maliro safunsa chidindo. Galimotoyo anangoilemba m'dzina lake.

Bento, mng'ono wa malemu, sanali munthu woipa ayi, ndipo anali atafunsa bwino. Anafotokoza kuti masiku ano malamulo akhwima: gulu lothandiza anthu liyenera kudziwika kuboma, kutchula atsogoleri ake, kuonetsa kumene thandizo likuchokera. Kubanki anali atatseka kale thumba la gululo mpaka mapepala aoneke.

"Pamaso pa lamulo gulu lanuli kulibe, alamu," anatero. "Chilipo ndi galimoto ya achimwene, ndipo amayi kumudzi akudya masamba opanda mchere."

Mawuwo anamuwawa Leopoldina chifukwa anali oona. Anamukwiyira Eduardo m'manda momwemo, mkwiyo wosakanizika ndi chisoni. Kenaka anafunsa akuluakulu ngati mwambo udakalipo woti namfedwa amatchula chinthu chimodzi chomutsalira. Anavomera, ndipo aliyense anayembekeza kuti atchula banka ya kumsika, thebulo lija lomwe linkawadyetsa iye ndi mwana wake Lara.

"Banka tengani. Makiyi ndipatseni."

Ernestina, mlongo wake wa malemu, anagwira pakamwa. Anamufunsa ngati chisoni chamuzunguza mutu, poti galimoto yonyamula mitembo sadyera. Leopoldina anayankha mosakweza mawu kuti tomato amagulitsika ndi pansi pomwe, ndipo mapepala akadzatuluka kamyauyo idzalembedwa m'dzina la gulu, kuti tsiku lomwalira iye wina asadzaiyikenso pamphasa yogawira katundu. Bento anaika makiyiwo pamphasa. Banka anaitenga ndithu, njala ilibe manyazi.

Apa ndiye mayi uja anamanga chitenje m'chiuno. Dzuwa la ku Tete likuswa mtengo, anayenda m'madera a Degue ndi Josina Machel, khomo ndi khomo, kufuna anthu khumi okhala ndi ziphaso oti aike maina awo ngati oyambitsa gulu. Ena, makamaka amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ankaopa dzina lawo kulowa m'mabuku a boma. Iye ankakhala pakhonde osasuntha mpaka mwininyumba atope, alowe kukapisa m'sutukesi. Kuofesi anamubweza, iye anabwereranso, mpaka mlonda anayamba kumupatsa moni womutchula dzina.

Mapepala asanatuluke, uthenga unafika kuchokera kudera la Muthemba kuti wonyamula matumba wina wa ku Tsangano wamwalira, wopanda m'bale aliyense mutauni. Imfa nayo siidikira ofesi. Amayi a kumsika anasonkha za mafuta, bokosi linakwezedwa, ndipo Leopoldina anakwera kutsogolo, pampando wa Eduardo. Anali asanakhalepo chiyambire, pakuti ngakhale pa ulendo wa mwamuna wake anali kumbuyo ndi amayi olira.

Atayandikira mlatho wa Zambezi, Dércio woyendetsa anachepetsa liwiro, navula chipewa. Anamuyang'ana Leopoldina ngati akudikira kanthu.

"Apa abambo amalankhula, amayi."

Leopoldina anafunsa kuti ndi yani. Dércio analoza kumbuyo ndi chala chachikulu. Anati ulendo uliwonse Eduardo ankamutchula womwalirayo dzina ndi kumuuza pamene afika, pamlatho, pa Moatize, pamphambano iliyonse, kuti munthu asasochere njira ya kwawo. Zaka zonsezi Eduardo kunyumba sanazinenepo.

Leopoldina anafunsa dzina la womwalirayo, natembenuka, nagogoda pang'onopang'ono pagalasi lakumbuyo.

"Vicente, mwanawe, tikuwoloka madzi tsopano. Usaope, uli ndi anthu."