Chidindo cha Bawuti pa Ovolosi ya Achimwene

"Ponda pang'ono, chemwali, matayala azungulire!" anafuula achimwene ali chagada kunsi kwa galimoto.

Ndinaponda. Matayala akumbuyo, amene tinawakweza pa zitsulo ziwiri, anayamba kuzungulira m'malere. Akutsogolo tinawasiya pansi. Tikanawaoperanji? Masiku atatu onse anali atakana kukoka.

Galimotoyo inali yaikulu, ya mzamba wina woyendera zipatala za kumapiri. Ukadina batani loti matayala onse anayi akoke, kanyali kankangophethira, akutsogolowo osalowa. Pagalaja pathu zamagetsi ndi zanga, zazitsulo ndi za achimwene. Ndiye ine ndinali pampando wa dalaivala, kompyuta pamiyendo, iwo ali kunsi kulondola waya wopita ku kamota kamene kamalowetsa matayala akutsogolo.

"Ikuti bwanji wailesi yakanema yakoyo?" anandifunsa.

"Ikuti kamotako sikakulandira magetsi."

"Zimenezo ndi mlonda yemwe akudziwa. Ifunse kuti waduka pati."

Ndinatsonya. Tsikulo tinali titakangana kale. Achimwene salowa kunsi kwa galimoto asanakankhireko limu yakale yopanda tayala, ndipo m'mawa ine ndinaitenga n'kukhalira. Atandikalipira ndinaibweza ndi phazi, ndikunyogodola kuti bambo wandevu sachita mantha ngati nkhuku.

"Ndapeza pulagi yabiriwira m'kati," anatero. "Taima ndiigwedeze."

Pomwepo ndinamva kamota kakulira, kenako chitsulo chinati kha! Kulira kumeneko ndi kumene tinkakufuna masiku onsewo, moti mtima wanga unayamba wakondwa. Kenako maso anagwera pa batani lija. Ndinali nditalisiya lodina kuyambira m'mawa. Galimoto inali ikudikirabe lamulo langa, ndipo magetsi atangodutsa inamvera.

Kanyali kanasiya kuphethira. Kanayaka.

Matayala akutsogolo anagwira simenti, galimoto n'kudumphira patsogolo. Zitsulo zija zinagwa, kumbuyo konse kunatsika ndi chiphokoso chimene ndinachimvera m'mano. Ndinaponda buleki ndi mapazi onse awiri, n'kuzimitsa injini.

"Achimwene!"

Zii.

Sindibisa, ndinaopa kutsika. Ndinangogwira chiwongolero, ndikuganiza za alamu anga ndi ana awo atatu, ndi pakamwa panga pamene ndikanenere kuti amene anaponda ndine. Nditatsegula chitseko ndinaona miyendo yawo itatulukira kunja, nsapato imodzi itavuka. Miyendoyo sinkagwedera.

Ndinakwawira kunsiko. Limu ija inali itaphwatalala mbali imodzi, koma inali itausenza mtolo wonsewo. Bawuti yotsekera mafuta a giyabokosi inali itawatsamira achimwene pachifuwa. Maso anali tong'o, akupuma mwapang'onopang'ono ngati munthu wobisala.

"Usandikoke," ananong'ona. "Jeke."

Wowotcherera zitsulo wa pafupi nafe anali atafika kale akuthamanga, magalasi akuda akadali pamphumi. Anakankhira jeke yaikulu kunsi, ine n'kugwira chopopera. Chinandipulumuka kawiri, manja ali thukuta lokhalokha. Ndiye limu ija inalira, kulira kwa chitsulo chimene chatopa, ndipo galimoto inatsika pang'ono. Achimwene anabuula.

"Popani, mayi, musayang'ane uko!" anakuwa wowotcherera uja. "Popani!"

Ndinapopa ndikulira, mamina ali chuchuchu, ndikutchula Mulungu ndi mayi athu mosakaniza. Sindikudziwa kuti ndinapopa kangati. Ndimangokumbukira kuwala kutayamba kuoneka pakati pa bawuti ndi chifuwa, kampata koti n'kulowetsa chikhatho. Tinawakoka ndi miyendo.

Anagona pasimenti akutsokomola, kenako anafumbatula dzanja. Munali pulagi ija, itazuka ndi mawaya ake.

"Vuto lija ndi ili," anatero. "Uiuze wailesi yako."

Sindinathe kuseka.

Kuchipatala anapeza nthiti ziwiri zitathyoka. Achimwene sanandinenepo kanthu, ngakhale kwa alamu anangoti zitsulo zinaterereka. Koma alamu si mwana. Anachapa katatu ovolosi imene achimwene anavala tsiku la ngoziyo, ndipo tsiku limene amuna awo anabwerera kuntchito anaibweretsa okha, n'kuipereka m'manja mwanga, osati mwa eni ake.

"Mwina sopo wanu wa pagalaja angathe, alamu," anatero. "Wanga wakanika."

Ndinayesa sopo, ndinayesa petulo, ndinayesa bulashi ya waya mpaka nsalu inayamba kuyoyoka, koma chidindo cha bawuti sichinachoke. Ina achimwene amakana kugula, akuti iyi idakali yolimba.

Mpaka lero, akamati alowe kunsi kwa galimoto, ndimazula kiyi n'kuwaikira m'thumba la pachifuwa. Ndikamatseka zipi ya thumbalo, zala zanga zimakhudza kachidindo kakuda ka ngodya zisanu ndi imodzi, cha kumanzere pang'ono, pamene pamagunda mtima.