Injini ya ku Chibolya

Whyson akafuna kulonjeza chinthu ankayamba wapukuta m'manja ndi kansanza, ngakhale manjawo ali oyera. Anachita chimodzimodzi tsiku limene ananyamula makina osokera a mkazi wake Mainess n'kukawasinthitsa ndi injini kwa anthu ena a ku Chibolya. Injiniyo inali yoti ilowe m'chigoba cha galimoto ya Zephyr chimene chinali pa njerwa kuseri kwa nyumba yawo ku Matero. Ikangolowa, basi takisi pamsewu, makina ena agulidwa.

Mvula inagwa, inaleka, inagwanso. Malire a ku Rhodesia anali otseka, ndiye yankho la Whyson linali lomwelo: zitsulo sizikupezeka. Nkhuku zinayamba kuikira pampando wakumbuyo. Mainess, mmisiri wa madiresi aukwati, ankakazinga vitumbuwa ndi kupsa ndi dzuwa pamzere wogula sopo.

Atatopa anakaitana yekha ba Nkole, makanika wachikulire amene anagwirapo ntchito kumigodi, kuti amuuze chimene chikusowa kwenikweni.

"Mwabweretsa sing'anga, wodwala sanadandaule?" anatero Whyson, kuseka kwake kosafika m'maso.

"Wodwala ndine," anayankha Mainess. "Vundukulani saka lili pa injinipo."

Ba Nkole anagwada mobuula, n'kuthira palafini m'mbali mwa injini, n'kukwecha ndi burashi yawaya. Panaoneka manambala otukuka ngati zipsera.

"Manambala aya, mayo, inabadwa nayo, pamene chitsulo chinali chamadzi mu chikombole. Yakamba mtundu. Ni Zephyr zoona, ingalowe mailo."

Mtima wa Mainess unadumpha: mawa lomweli? Nanga nyengo zonsezi akhala akudikira chiyani?

"Koma mtundu si dzina," anapitiriza mkuluyo. "Dzina bamakhoma na nyundo, pamalo posalala apa. Iyee, nindani anaidzoza penti monga mkwatibwi?"

Anapala ndi mpeni. Pansi pa pentiyo chitsulo chinali chonyezimira, chodzaza mizere ya tupa. Manambala anali okhota, ena ozama, ena ongokanda, ngati mano a nkhalamba. Ba Nkole atanyowetsa chala n'kupukutapo, mthunzi wa nambala yakale unaonekera pansi pake.

"Bafafaniza, bakhoma vina. Iyi ili na mwine wake amene akali kuilira. Pa lodibuloko wapolisi akatsegula boneti, simuzagona kunyumba, mukwai."

Mainess sanamve zonsezo. Maso ake anali pa tizibenthu ta penti tomwe tinagwera pa nsapato ya ba Nkole. Tinali tobiriwira, kubiriwira kwa chitseko chawo. Chitini cha penti ya chitsekocho ankachisuntha iye mwini akamasesa kunsi kwa bedi.

"Ba Whyson, munadziwa liti?"

Mwamunayo anayang'ana nkhuku.

"Nifunsa imwe."

"Sabata yamene inabwera. Ninabwererako, banthu baja ninapeza basamuka. Nenze kufuna kukuuza, manje..."

"Manje munapenta."

Ba Nkole anatsokomola, anatola burashi yawo, ndipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti kwawo kuli alendo.

Mainess sanakalipe. Mphamvu yokalipira inali itathera pa mbaula. Zoti mwamuna anapusitsidwa akanazimeza, ndani sapusitsidwa mu Lusaka? Koma m'mawa uliwonse munthuyu ankamuona akudzuka kukakanda ufa wa vitumbuwa, akudziwa kuti takisi kulibe, makina kulibe, n'kumamuuza za malire a ku Rhodesia.

Ku Kabwe, Christine, mkulu wake wa Mainess, anali ndi makina osokera pamsika, ndipo maso anali atayamba kumuvuta. Mainess analowa m'nyumba, anakoka chikwama pamwamba pa kabati, anachikuntha fumbi. Anaikamo zitenje, madiresi a mwana wawo Anna, lumo ndi tepi yoyezera. Whyson anaima pakhomo.

"Nizapeza injini ina, amake Anna. Ya mapepala."

"Chokani pa kuwala, sinikuona."

Zipi inali yakufa. Anamanga chikwamacho ndi mpango, n'kuchiika pafupi ndi chitseko, kuyembekeza Anna aweruke kusukulu.