Kahatchi Koopa Manja

Kahatchi kanadumpha, kanamenya chitseko cha khola ndi miyendo yakumbuyo, n'kukabisala kuseri kwa make. Kankanjenjemera thupi lonse, khosi lili thukuta lokhalokha.

"Iwe Kapambwe, unakachita chani aka?" anafunsa Dyton Banda, yemwe anali atangobwera kuchokera kutchuthi. Kwa zaka khumi ndi zisanu Dyton ankayenda wapansi kuchokera kukomboni ya Kalikiliki kukasamalira mahatchi pafamu ina kuseri kwa Ibex Hill.

Kapambwe, wantchito watsopano, anakanda m'mutu. "Ba Dyton, ninaona pa foni. Banakamba kuti tsiku lamene kabadwa ukagoneke pansi, ukasisite thupi lonse kuti kazolowere munthu."

"Amake anali kuti?"

"Ninawamangirira panja."

"Nanga iwe, ungobadwa chabe, chimunthu chakupanikiza pansi, amako alira panja. Ungachikonde?"

Kapambwe sanaseke. Dokotala wa ziweto ankayembekezeka Lachisanu la sabata yotsatira kudzabaya kahatchiko jakisoni. Mwini famu anali atanena kale kuti kahatchiko kakakana kugwidwa, akagwetsa ndi zingwe, ndipo amene anakaononga aona msewu. Ku Mtendere Kapambwe anali ndi mkazi ndi ana atatu.

Dyton anamupatsa bulashi. "Uzipesa amake m'mawa ulionse. Gaga uziwapatsa pamanja. Kamwana usakayang'ane."

"Osakagwira?"

"Ngakhale kukapatsa moni."

Panapita masiku anayi, kahatchi kakungosuzumira pansi pa mimba ya make. Lamlungu atatuluka kutchalitchi, Kapambwe anapita ku Kalikiliki nkhope ili gwaa. Anapeza Elesi, mkazi wa Dyton, akusankha tomato pakhonde.

"Ba Elesi, bamuna banu bazanichotsetsa ntchito. Nthawi yatha, ine ningopesa chabe chimayi."

Elesi anaseka mpaka tomato anagubuduka. "Pesani, mlamu! Aba bananifunsira choncho. Miyezi itatu atungira amama madzi, akonza denga, ine osaniyang'ana. Mapeto ake ndine ninafunsa kuti, kodi munthu uyu ali na maso?"

"Ndipo unabwera wekha," anatero Dyton m'nyumba.

Lachiwiri m'mawa, Kapambwe ali mkati mopesa, anamva mpweya wofunda pamsana. Anauma ngati mtengo.

"Usatembenuke," ananong'ona Dyton ali pachitseko.

"Kanidya ovolosi!"

"Kaleke kadye. Nizakupatsa yanga."

Kahatchi kanakoka thumba, kanathawa, kanabweranso. Tsiku lotsatira Kapambwe anakakanda pang'ono pakhosi. Kanatseka maso, mlomo wam'munsi uli lende.

Lachisanu dokotala anafika ndi chikwama chake, mwini famu ali pambuyo, zingwe zili m'manja. Kahatchi kanapinda makutu n'kubwerera m'mbuyo. Kapambwe anaima pafupi ndi make, akuyankhula motsitsa m'Chibemba. Pang'onopang'ono kanasendera, n'kutsamira pantchafu pa Kapambwe. Singano italowa kanangogwedeza khungu ngati patera ntchentche.

"Kafatsa bwanji aka," anatero dokotala. "Anakaphunzitsa ndani?"

Dyton analoza Kapambwe ndi chibwano.

Mwini famu anayang'ana zingwe zake, n'kuzikoloweka pamsomali. "Hatchi yofiira ija ibereka mwezi wamawa," anatero. "Dyton, uika ndani wosamalira kamwana kake?"

"Uyu wamene."

Kapambwe anafuna kuthokoza, koma sanathe kusuntha. Kahatchi kanali katayamba kusinza, mutu uli pamkono pake, ndipo iye anaimabe pomwepo mpaka mkono unachita dzanzi.